Oyilo wa ML 350 BlueTEC ya ku Thyolo: momwe ntchito ikuyendera

Zolemba izi ndi za galimoto imodzi: Mercedes-Benz ML 350 BlueTEC ya 2013, thupi la W166, injini ya dizilo OM642, V6 ya malita 3.0. Inagulidwa ku UK itayendapo kale, ndipo masiku ano imagona pa munda wina kufupi ndi boma la Thyolo. Ntchito ikuchitikira pa galaja yathu ku Luchenza. Funso la eni ake linali lalifupi: muthiremo oyilo wanji, nanga apezeka kuti?

Lolemba, sabata yoyamba ya Seputembala

Galimoto yafika m'mawa. Wotchi ya mtunda ikuwerenga 96,000, koma awa ndi mamailosi poti ndi ya ku UK. M'makilomita ndi pafupifupi 154,500. Kapepala ka service yapitayo komata pagalasi kanalembedwa ngati wotchiyo ikuwerenga makilomita: wolembayo anangowonjezera 10,000 pa nambala imene anaona, osadziwa kuti walamula oyilo kuyenda makilomita 16,000.

Madandaulo ndi atatu. Nyali ya injini imayaka n'kuzima yokha, galimoto imafooka nthawi zina pokwera chitunda, ndipo fani imapitiriza kulira injini itazimitsidwa kale. Chifikireni kuno oyilo wasinthidwa kawiri, ndipo maulendo onse awiri anali 15W-40 wotunga mu dramu ya mathirakitala a pamundapo.

Tayeza dipstick, kandodo koyezera oyilo, galimoto ili pa simenti yosalala, injini yotentha, titadikira mphindi zisanu chizimitsireni. Oyilo wapitirira mzere wa MAX ndi muyeso wa chala chimodzi. Palibe amene anawonjezera. Kununkhiza, akumveka dizilo. Tadontheza dontho limodzi pa pepala loyera kuti ligone.

Lachiwiri

Dontho lija lasiya pakati pakuda bii, ndipo kunja kwake kwazungulira mkombero waukulu wotuwa. Dizilo amathamanga pa pepala kuposa oyilo, choncho mkombero wotere umagwirizana ndi fungo la dzulo. Si muyeso wa labu, koma ndi wokwanira kutiuza kuti oyilo uyu asayendenso ulendo wautali.

Tisanakambe za zigubu, tinayenera kudziwa ngati DPF, sefa ya mu ekizosi yokola mwaye wa dizilo, ikadalimo. Galimoto zambiri zochokera kunja zimafika itachotsedwa kapena itaboledwa, ndipo mwini wake sadziwa. Talowa m'dzenje: palibe powotcherera pachilendo pa ekizosi, timapaipi tiwiri topita ku sensa ya pressure tili m'malo mwake, ndipo kompyuta ikuonetsa pressure ikukwera tikaponda moto. DPF ilimo, ikugwira, koma yalemedwa. Makina a AdBlue, madzi a mankhwala opopera mu ekizosi kuti achepetse mpweya woipa, nawo akugwira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya oyilo. DPF imakola zinthu ziwiri. Choyamba ndi mwaye wa dizilo, umene injini imauwotcha yokha nthawi ndi nthawi pokweza kutentha kwa ekizosi kufika pafupifupi madigiri 600. Chachiwiri ndi phulusa lochokera ku oyilo amene injini iliyonse imapsereza pang'onopang'ono. Mwaye umapsa n'kutuluka. Phulusa silipsa, chifukwa ndi zotsalira za calcium, magnesium ndi zinc zimene zili m'mankhwala a oyilo. Likalowa lalowa, limangodya malo. Malo akachepa, DPF imadzaza msanga ndi mwaye, ndipo injini imayamba kuwotcha pafupipafupi.

Kuti iwotche, injini imathira dizilo wowonjezera mochedwa, pisitoni ikutsika, kuti akapsere mu ekizosi. Wina mwa dizilo ameneyu amatsetsereka m'mbali mwa silinda n'kugwera mu sampu. Galimoto ikamayenda mtunda wautali kuwotchako kumatha bwino. Koma iyi imayenda makilomita asanu ndi limodzi kuchoka kumunda kupita pa boma, n'kuzimitsidwa kuwotcha kuli pakati. Fani yolira ija ndiyo umboni wake. Mawa lake imayambiranso. Ndiye oyilo wa phulusa lambiri ndi maulendo afupiafupi akhala akuthandizana kudzaza sampu ndi dizilo.

Lachitatu

Tsiku la mapepala. Pa chigubu cha oyilo pamakhala manambala a mitundu itatu, ndipo anthu ambiri amawerenga mtundu umodzi wokha.

Mtundu woyamba ndi wa SAE, monga 5W-30 kapena 15W-40. Umangonena kulemera kwa oyilo basi. Nambala ya kutsogolo kwa W ndi ya kozizira: 5W amayesedwa pa madigiri 30 kunsi kwa ziro, 15W pa 20 kunsi kwa ziro. Ngakhale chiperoni chitavuta bwanji mu Julaye, Thyolo safika kumeneko, kotero nambala imeneyi kuno siitidetsa nkhawa kwenikweni, ngakhale kuti oyilo wopepuka amafikabe msanga ku turbo m'mawa. Nambala yachiwiri ndi ya pa madigiri 100: wa 30 amakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5 cSt (muyeso wa kulemera kwa oyilo), wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3. Za phulusa SAE sanenapo kanthu.

Mtundu wachiwiri ndi wa ACEA, bungwe la makampani opanga galimoto ku Ulaya. Gulu la C ndi la injini zokhala ndi DPF. C3 imafuna phulusa losapitirira 0.8%, phosphorus pakati pa 0.07 ndi 0.09%, sulphur wosapitirira 0.3%, ndiponso HTHS yosachepera 3.5. HTHS ndi kulemera kwa oyilo pa madigiri 150 akufinyidwa pakati pa zitsulo zothamanga, monga mmene zimakhalira m'mabering'i a crankshaft. C2 phulusa lake ndi lofanana ndi la C3, koma HTHS yake imaloledwa kutsika mpaka 2.9. Choncho zigubu ziwiri zonse zolembedwa 5W-30, chimodzi C2 china C3, si oyilo mmodzi.

Mtundu wachitatu ndi wa Mercedes eni ake, ndipo ndi umene tikutsatira. Pa injini iyi tikufuna MB 229.52, kapena 229.51 ngati 229.52 wasowa. Onse ndi a phulusa lochepa. 229.52 ndi wa pambuyo, ndipo mayeso ake a kupirira kutentha ndi kusakanikirana ndi mafuta ndi okhwima kuposa a 229.51, zimene zikukhudza vuto lenileni la galimoto iyi.

Manambala a Mercedes amapusitsa chifukwa amafanana. 229.5 ndi oyilo wabwino zedi, koma ndi wa phulusa lambiri, wa injini za petulo ndi za dizilo zopanda DPF. Kasiyanidwe kake ndi 229.51 ndi kanambala kamodzi kakumapeto. 229.3 ndi 229.31 chimodzimodzi. Dramu ya mathirakitala ija, malinga ndi chithunzi chimene atitumizira, yalembedwa API CI-4 ndi MB 228.3. Amene anathira anaona zilembo MB n'kukhutira, koma 228.3 ndi ya malole akale. Mbali inayi kuli 229.71, wa 0W-20, wopangidwira injini zatsopano monga OM654 imene inayamba mu 2016. Nambala yaikulu sikutanthauza kuti amalowa m'malo mwa yaing'ono. HTHS yake ndi yotsika kwambiri pa mabering'i a OM642.

Tachita kasamu kuti eni ake aone kukula kwa nkhani. Lita imodzi ya oyilo imalemera pafupifupi magalamu 850. Wa 0.8% akapsa amasiya magalamu osapitirira 7 a phulusa. Ma 15W-40 a malole ambiri amapitirira 1%, ena kufika 1.5%, amene ndi magalamu pafupifupi 13 pa lita. Pa tsiku limodzi sizioneka. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Lachisanu

Panali kukambirana pa galaja ngati titenge 5W-30 kapena 5W-40. Maganizo ofala kwathu kuno ndi oti dziko lotentha limafuna oyilo wolemera, ndipo wina akaona 5W-30 akutsika ngati madzi amagwedeza mutu. Pa mapikapu akale a dizilo maganizo amenewa ali ndi pogwira. Pa injini iyi ayi. Kutentha kwa oyilo kumalamulidwa ndi oil cooler imene imazizitsidwa ndi madzi a injini, kotero kusiyana kwa Juni ndi Okutobala mkati mwa sampu si kwakukulu ngati mmene thupi la munthu limamvera. Komanso oyilo aliyense wa 229.51 kapena 229.52, kaya ndi 30 kaya 40, HTHS yake siitsika 3.5. Tagwirizana: 5W-30 wa 229.52 ndiye woyamba, 5W-40 wa 229.51 tingamulandire ngati ndi amene wapezeka kwa wogulitsa wodalirika. Za 20W-50 sitinazikambe nthawi yaitali.

Chimene chatitengera nthawi ndi dizilo. Oyilo wa phulusa lochepa ali ndi mankhwala ochepa olimbana ndi asidi, poti mankhwala omwewo ndi amene amasanduka phulusa. Muyeso wake ndi TBN: C3 imafuna 6 kupita m'mwamba, pamene A3/B4 imafuna 10. Asidi amachokera ku sulphur wa mu dizilo. Ku Ulaya sulphur wa mu dizilo wa pa pampu sapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni) kuyambira 2009. Wa pa pampu kuno ndi wa 50 ppm, ndipo mafuta akasowa galimoto zambiri zimamwa wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene palibe angalumbire kuti muli chiyani. Ena amaganiza kuti yankho ndi kubwerera ku oyilo wa phulusa lambiri. Ife tikuti yankho ndi kusunga 229.52 koma kumusintha msanga. Oyilo amatayidwa n'kugula wina. DPF ya galimoto iyi ikafa, kuipeza kwake ndi ndalama zakunja.

Kuchuluka: injini imalowa malita 8.0 pamodzi ndi fyuluta. Tikufuna kusintha kawiri motsatizana, kachiwiri patangopita makilomita 1,500, kuti zotsalira za 15W-40 ndi dizilo zichoke. Ndiye malita 16, kuphatikiza wowonjezera, tigule malita 20 ndi mafyuluta awiri. Mankhwala otsukira injini sitithira. Injini ya mtunda wotere ikatsukidwa mwaukali, zinyalala zimasweka m'zibuma n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo.

Lachiwiri, sabata yachiwiri

Kufunafuna. Ku Luchenza, pa boma la Thyolo ndi ku Chitakale zimene zili m'mashelefu ndi 15W-40, 20W-50, SAE 40 ndi 10W-40 pang'ono. Sitikudabwa, poti ndi zimene maminibasi, malole a tiyi ndi njinga zamoto zimafuna. Pa malo ena omwetsera mafuta panali 5W-30 wa lita imodzi, koma ndi A5/B5, wopepuka komanso wa phulusa lambiri. Tamusiya.

Ku Limbe ndi ku Blantyre tayenda m'mashopu asanu ndi limodzi. Lamulo limene tinapatsa wotumidwa ndi loti ajambule kumbuyo kwa chigubu, osati kutsogolo, n'kutumiza pa WhatsApp asanalipire. Kutsogolo kumakhala mawu okopa, monga fully synthetic, amene satiuza kanthu za phulusa.

Kumbuyo kuli kalembedwe kawiri koyenera kusiyanitsa. Oyilo amene Mercedes anamuyesa n'kumuvomereza amalembedwa "MB-Approval 229.52" kapena m'Chijeremani "MB-Freigabe 229.52". Wina amangolembedwa kuti "meets" kapena "suitable for" kenako nambala. Ameneyo ndi wopanga akudzichitira yekha umboni. Sikuti onse otero ndi oipa, koma palibe wachiwiri amene watsimikiza. Mercedes ali ndi mndandanda wa pa intaneti wa mafuta onse ovomerezeka, umene amakaniko ambiri amaudziwa ndi dzina loti BeVo. Timatsegula tsamba la 229.52 n'kufufuza dzina lonse la oyilo, liwu ndi liwu, chifukwa kampani imodzi imakhala ndi ma 5W-30 anayi kapena asanu a mayina oyandikana.

Mayina amene tinalemba pa kapepala ka wotumidwa ndi Mobil 1 ESP 5W-30, TotalEnergies Quartz Ineo MC3 5W-30 ndi Liqui Moly Top Tec 4600 5W-30 pa 229.52, ndiponso Castrol EDGE 5W-30 LL ndi Shell Helix Ultra ECT C3 5W-30 pa 229.51. Makampani amasintha kasakanizidwe ndi zilolezo pakapita zaka, kotero dzina lokha silikwanira. Chigubu chimene chili m'manja ndicho chiyenera kunena.

Zotsatira za tsikuli: mashopu atatu analibe C3 aliyense. Pa ina wogulitsa anati, "Achimwene, 5W-30 ndi 5W-30 basi, onse a Benz amatenga yemweyu," akuloza chigubu cha 229.5. Shopu ina inali ndi mabotolo atatu okha a lita imodzi a 229.51. Yomaliza inali ndi zigubu za malita 5 zolembedwa zonse zimene tikufuna, pa mtengo wotsika modabwitsa.

Lachitatu

Tagula chigubu chimodzi cha mtengo wotsikawo kuti tichione bwino. Sitithira m'galimoto.

Kamkombero ka pansi pa chivindikiro kanali komata ndi guluu: potsegula kanatsagana ndi chivindikiro m'malo moduka n'kutsala pakhosi. Nambala ya batch, imene pa fakitale imadindidwa ndi makina pa pulasitiki, inali yofufutika mbali imodzi ngati yapukutidwa ndi petulo. M'makona a chogwirira munali fumbi lakale lomata ndi mafuta. Titathira pang'ono mu galasi pafupi ndi botolo la 229.51 lochokera kwina, uyu anali wakuda pang'ono ndi wolemera. Mtundu wokha sungagamule mlandu, koma zinayi pamodzi zikuloza chigubu chenicheni chodzazidwanso ndi oyilo wina. Chinyengo chotere n'chofala kuposa kupanga chigubu chabodza, chifukwa chigubu chenicheni chimatoledwa ulere kuseri kwa galaja iliyonse. N'chifukwa chake zigubu zathu za oyilo wodula timaziboola pansi tikamaliza, ngakhale amayi ogulitsa palafini amazipempha.

Njira zatsala ziwiri. Yoyamba ndi kuitanitsa kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka wa kampani ya mafuta ku Blantyre, amene akuti katundu angafike m'masabata awiri. Yachiwiri ndi kutumiza munthu wa basi ya ku Johannesburg, yodzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Ya basi ndi yachangu nthawi zina, koma katundu amadutsa m'manja ambiri, lisiti limasowa, ndipo zigubu zopanikizidwa pansi pa katundu wina zimafika zikudontha. Tasankha yoyamba. Tapempha zinthu zitatu: invoice yolembedwa dzina lonse la oyilo, data sheet yake, ndi zigubu za batch imodzi. Mtengo sitiulemba muno. Ndi mmene kwacha ikuyendera, pofika service ina udzakhala wabodza.

Wogulitsayo anatifunsa ngati tikufuna ndowa imodzi ya malita 20, imene imatsikirako mtengo. Tatenga zigubu zinayi za malita 5. Ndowa ikatsegulidwa idzakhala miyezi ndi theka la oyilo, ikupuma chinyezi cha dzinja la Thyolo, ndipo ndowa yotsegula pa munda imakopa aliyense wa jenereta. Chigubu chosatsegula chimasungika zaka zinayi kapena zisanu pamthunzi.

Galimoto ikhala pa galaja mpaka oyilo afike. Eni ake anafuna kuitenga kaye, tawauza kuti, "Abwana, ndi dizilo ali mu sampuyu, ulendo wa ku Lilongwe ungathe mabering'i." Amva.

Sabata yachitatu

Podikira, tayang'ana njira zimene oyilo watsopano angatayikire kapena kuipitsidwa. Kuthira oyilo wodula mu injini yodontha n'kutungira madzi m'dengu.

OM642 imadziwika ndi kudontha kwa timalabala ta oil cooler, imene inaikidwa pansi penipeni pa chigwa cha V, kunsi kwa turbo ndi ma manifold. Oyilo akadontha pamenepo amatsikira kumbuyo n'kuonekera pakati pa injini ndi gearbox, ndipo ambiri amanamizira silo ya kumbuyo kwa crankshaft n'kutsitsa gearbox pachabe. Timalabala takale tinali tofiirira, tatsopano ndi tapepo, ta Viton. Ntchito yake ndi ya tsiku lathunthu ndi kupitirira. Talowetsa kamera yaing'ono m'chigwamo: mouma. Tapuma.

Ponyowa tapeza pakamwa pa turbo, pomwe paipi ya mpweya imalumikizana nayo. Kalabala ka pamenepo kauma. Oyilo wochokera ku mpweya wa mu crankcase amadontha kuchokera apo kugwera pa kamota ka swirl flap (tizitseko ta m'njira ya mpweya wolowa mu injini) kali m'munsi mwake, ndipo kakanyowa nthawi yaitali kamafa. Kalabalako ndi kotchipa, tasintha. Chofunika kwambiri n'choti pamene oyilo akutulukira, fumbi lingalowerenso, ndipo pamenepo ndi kuseri kwa mafyuluta a mpweya.

Mafyuluta a mpweya, awiri, anali ofiira ndi dothi la katondo la m'misewu ya m'minda ya tiyi. Zikuoneka kuti ankangowapopera mpweya n'kubwezera. Kupopera kumang'amba pepala timabowo tosaoneka. Tasintha onse. Fumbi lodutsa pamenepo limathera mu oyilo, ndipo palibe nambala ya MB imene imaletsa mchenga kupala masilinda.

Fyuluta ya oyilo ndi ya pepala yolowa m'nyumba yake pamwamba pa injini. Nambala ya Mercedes ndi A 642 180 00 09, ya Mann ndi HU 821 x. Tapeza awiri a Mann ku Blantyre, m'mabokosi omata, timalabala tili momwemo. Ya bokosi loyera lopanda dzina tinaibweza: mapindo a pepala anali otalikirana ndipo guluu wa kumapeto anali wosakwanira.

Lachinayi, sabata yachinayi

Oyilo wafika dzulo: zigubu zinayi, batch imodzi, MB-Approval 229.52, ACEA C3, 5W-30, dzina likupezeka pa mndandanda. Timikombero tonse taduka bwino potsegula.

Injini tinaitenthetsa mphindi khumi n'kuizimitsa. Choyamba tinamasula chivindikiro cha fyuluta ndi kapu ya 84 mm ya mano 14, n'kuchikweza pang'ono. Dongosolo ili lili ndi chifukwa: nsonga ya ndodo ya chivindikirocho imatseka kabowo kotsikira ku sampu, kotero ukayamba ndi pansi n'kumaliza ndi fyuluta, oyilo wakale wa m'nyumba ya fyuluta amagwera mu sampu utatseka kale. Osagwiritsa ntchito sipanala ya tcheni, chivindikirocho ndi pulasitiki.

Magalaja a Mercedes nthawi zambiri amayamwa oyilo ndi pampu kudzera pa paipi ya dipstick. Ife tachotsa zotchinga za pansi n'kumasula bawuti ya sampu, chifukwa timafuna kuona zotuluka. Tinatunga kabotolo ka 100 ml pakati pa kutuluka, osati koyambirira kapena komaliza, kuti tisunge. Tasiya kudontha mphindi 20. Zotuluka taziyeza m'ndowa ya mizere: zapitirira pang'ono malita 9. Mu beseni munalibe tizitsulo tonyezimira.

Washa ya kopa yatsopano, bawuti pa 30 Nm ndi torque wrench. Washa yakale inali itaphwanyika mbali zonse, chizindikiro choti yagwira maulendo angapo ndipo ulendo uliwonse ankamanga mwamphamvu kuposa wapitawo. Timalabala tonse ta chivindikiro tasintha, titapaka oyilo watsopano, ndipo chivindikiro tamanga pa 25 Nm monga palembedwera pamwamba pake.

Tinathira malita 7.5 kudzera mu fanelo yoyera, kuliza injini mphindi ziwiri, kuzimitsa, kudikira mphindi zisanu, kuyeza, n'kuwonjezera pang'onopang'ono. Tasiyira dala kamtunda kakang'ono kunsi kwa MAX, ndipo tajambula dipstick pa foni kuti tidzafanizire. Pa injini imene oyilo amakwera yekha, kudzaza mpaka pakamwa n'kudzibisira umboni.

Oyilo watsopano anada pasanathe ola. Pa dizilo ndi mmene zimakhalira, ndipo tawachenjezeratu eni ake kuti asadzaganize kuti sitinasinthe.

Kuwotcha DPF tinakusungira lero dala. Mwachizolowezi umawotcha kaye kenako n'kusintha oyilo, poti kuwotcha kumathira dizilo mu sampu. Koma ndi oyilo wopitirira MAX komanso wosakanikirana kale, kutenthetsa injini chotero n'kuika turbo pachiswe. Poti tili ndi kusintha kwachiwiri, oyilo wa lero ndiye asenze zimenezo. Thanki itapitirira theka, tadzera ku Mulanje n'kukwera msewu wa Midima mpaka ku Limbe pa liwiro lokhazikika la pafupifupi makilomita 80 pa ola, kompyuta ili yolumikiza. Kuwotcha kunayamba kokha ndipo kunatha tisanafike. Pressure ya DPF yatsika, koma siinafike pomwe tikanakonda. Chotsalacho ndi phulusa. Oyilo watsopano sangalichotse, angoletsa kuti lisachuluke msanga. Ikadzavutanso, DPF idzafunika kumasula n'kukatsukitsa ndi makina.

Lachisanu, sabata yachitatu ya Okutobala

Galimoto yabwera itayenda mamailosi 950, amene ndi makilomita 1,500 ndi pang'ono. Nyali siinayakenso. Dipstick ili pomwe tinaisiya, kufanizira ndi chithunzi. Dalaivala watsatira zimene tinapempha: kamodzi pa sabata ulendo wosaima wa mphindi 30 kapena kupitirira, ndipo akaona fani ikulira kapena fungo lotentha pofika, azungulirenso m'malo mozimitsa. Taletsanso kuisiya ikulira pamalo amodzi ndi air conditioner podikira abwana, chifukwa imapanga mwaye osatentha mokwanira kuti uwotchedwe.

Kusintha kwachiwiri kwayenda ngati koyamba, ndi fyuluta ndi washa zatsopano. Zotuluka zinali pafupifupi malita 8. Zatsala malita 4. Lita imodzi taithira m'botolo loyera lolembedwa 229.52 ndi maka, ikhale m'buti. Ikadzatha ali kutali, buku la galimoto limalola kuwonjezera lita imodzi yokha ya ACEA C3, kamodzi kokha, mpaka service ina. Dalaivala tamulembera zimenezi pa khadi lili mu glove box, pamodzi ndi mawu oti 229.5 ndi 228.3 ayi.

Nthawi yosinthira taika pa makilomita 7,500 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Pa wotchi ya galimoto iyi ndi mamailosi 4,700, ndipo kapepala ka pagalasi talemba nambala ya mamailosi ndi liwu loti MILES m'zilembo zazikulu. ASSYST ya pa dashboard, yokumbutsa nthawi ya service, taibwezeretsa, koma imawerengera za ku Ulaya, mpaka makilomita 25,000 kapena chaka, kotero pano siilamula. Nambala ya 7,500 ndi chiweruzo chathu potengera fumbi, dizilo ndi maulendo afupiafupi. Ingasinthe labu ikayankha.

Pa makilomita 5,000 tidzayamwa 100 ml kudzera pa dipstick n'kutumiza ku labu ya mafuta ku South Africa, pamodzi ndi kabotolo ka oyilo wakale uja ndi kena ka watsopano wosagwira ntchito kuti akhale poyambira. Tidzayang'ana kuchuluka kwa dizilo, kulemera pa madigiri 100 ngati kwatsika kunsi kwa 9.3, TBN yotsala, silicon amene amaloza fumbi, sodium ndi potassium amene amaloza madzi a radiator odutsa pa oil cooler, ndi chitsulo. Dizilo akadzapezekabe wambiri kuwotcha kukutha bwino, tidzatembenukira ku ma injector.

Oyilo wakale, malita 17 onse, ali mu dramu yotseka kudikira otolera. Anyamata a pamunda anapempha kuti akapake mitengo ya mpanda kuopa chiswe. Takana: mvula ya Disembala imakokolola zonsezo kupita m'timitsinje tomwe anthu a kumunsi amatungamo. Oda ya malita 10 a service ya Epulo tiipereka mu Febuluwale, poti ulendo uno katundu anatenga masiku 14.